Misala Siinajambule Zithunzi za Van Gogh

Pali bodza limene lazika mizu pakati pathu, lonena kuti luso lojambula limayenda ndi misala. Mnyamata wolemba zikwangwani za magolosale pa Balaka, kapena wojambula njovu ndi mvuu zogulitsa kwa alendo pa Liwonde, akayamba kuyankhula yekha ndi kugona kumowa, anthu amangoti, "Mlekeni, ndi mmene amakhalira aluso." Amene anapitako kusukulu amatchulanso dzina la Vincent van Gogh ngati umboni.

Umboni umenewu ngwopotoka. Van Gogh anabadwira ku Netherlands m'chaka cha 1853. Atalephera ntchito yogulitsa zithunzi ndiponso yolalikira kwa okumba malasha ku Belgium, anayamba kujambula ali ndi zaka 27. M'zaka khumi zokha anajambula zithunzi zapenti zoposa 800. Chiwerengero chotere nchamunthu wolawirira kuntchito ngati mlimi wa mpunga wa kunyanja ya Chilwa. Nzoona kuti anadwala. Anadzidula khutu ku Arles mu 1888, nakhala chaka chathunthu m'chipatala cha odwala maganizo ku Saint-Rémy. Komatu matendawo akamgwira, pankatha masabata osakhudza penti. Ankajambula mutu ukayera. Nthendayo inkamubera masiku, ndipo mu 1890 anadziwombera, namwalira ali ndi zaka 37. Kodi mbala yotere nkuitcha mphunzitsi wake?

Amene okonda nthano ya misala amamuiwala ndi Theo, mng'ono wake, yemwe kwa zaka zambiri ankamutumizira ndalama za chakudya, penti ndi nsalu zojambulapo. Theo atamwalira mu 1891, mkazi wake Johanna anasunga zithunzizo, naziwonetsa m'mizinda, nasindikiza makalata a mlamu wakeyo, mpaka dziko linatsegula maso. Mu 1990 chithunzi chake cha Dr Gachet chinagulidwa pa madola 82.5 miliyoni, ndalama zimene mwiniwake, munthu wodalira thumba la mng'ono wake, sakanazilota nkomwe.

Mawu aja oti "mlekeni" amamveka ngati ulemu, koma ndi ulesi wa achibale osafuna kusenza wodwala wawo. Amamuyamikira akawajambulira chikwangwani cha maliro kwaulere, kenaka amamuseka akamayenda wopanda nsapato pamsika. Chonsecho kuchoka pa Liwonde kukafika kuchipatala cha odwala maganizo cha ku Zomba ndi ulendo wa ola limodzi pa minibasi.