Mwana wobadwira ku Joni asasowe kalata yakubadwa

Ambiri mwa ife kuno kunyanja tili ndi mwana kapena mphwathu amene akusaka moyo ku Joni. Ena anamanga banja komweko, ndipo adzukulu athu akukulira m'sukulu za ku Johannesburg ndi Cape Town. Funso limene timalizemba ndi ili: akadzakhoza mayeso a matiriki, adzawalipirire ndani ku yunivesite?

Boma la South Africa limathandiza ophunzira ovutika kudzera mu NSFAS, ngati banja lawo silipeza ndalama zoposa R350,000 pachaka. Koma thandizoli ndi la nzika za dzikolo ndi alendo okhawo amene ali ndi chilolezo chokhazikika. Mwana wopanda zimenezi sawerengedwa, ngakhale atakhoza bwanji.

Kubadwira m'dzikomo pakokha sikupatsa mwana wa mlendo unzika. Komabe lamulo lawo linasiya khomo lotsegula: mwana wobadwira komweko, n'kukhala komweko mpaka atakwanitsa zaka 18, angathe kupempha unzika, bola kubadwa kwake kukhale kolembetsedwa ku Home Affairs. Kholo limene linalowa ndi chilolezo cha masiku 30 n'kukhalirira limaopa kuyandikira ofesiyo, ndipo mantha amenewo amadzalipidwa ndi mwana.

Abale ndi alongo, tikamaimba foni tisamangofunsa za ndalama ya malata ndi feteleza. Tifunsenso ngati mdzukulu analembetsedwa. Makolo akavutika, afunse amene amadziwa malamulo a kumeneko mwana akadali kumsana. M'mera mpoyamba.