Dzina Limodzi pa Pepala la Mipando Isanu

Chiyambire chaka cha 1998, pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la maboma aang'ono lopereka mphamvu ku anthu, makomiti achuluka m'midzi. Mlimi wa ku Mitundu kapena ku Nathenje amaitanidwa kukasankha komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ya sukulu, ya mjigo, ya kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza, osaiŵalanso komiti ya nthambi ya Chipani. Wapampando, Mlembi ndi Msungichuma amasankhidwa mmodzimmodzi, ndipo apa palibe chovuta. Mkangano umabuka pa mamembala otsalawo, pamene mipando isanu ikudzazidwa nthaŵi imodzi ndipo wosankha aliyense wapatsidwa pepala kuti alembepo maina asanu.

Pamakhala ena amene amalemba dzina limodzi lokha, malo anayiwo nkuwasiya osalemba. Ku America mchitidwe umenewu amauyerekeza ndi kuwombera chipolopolo chimodzi. Ambiri amauyesa chinyengo, ena amati ndi umbuli. Kunena zoona, ndi masamu chabe.

Mwachitsanzo, pakhale kopaletivi ya alimi 100. Alimi 60 ndi a midzi yoyandikana ndi msika, ndipo aimika anthu asanu ndi atatu. Alimi 40 ndi a midzi yakutali, kumene galimoto la feteleza limafika mochedwa, ndipo aimika munthu mmodzi. Mavoti a alimi 60 aja onse pamodzi ndi 300. Akagaŵikana mofanana pa anthu asanu ndi atatu, aliyense apeza 37 kapena 38. Tsono akutali aja akalemba dzina la munthu wawo lokha, iyeyo apeza 40 ndi kuloŵa m'komiti. Koma akati adzaze pepala lonse, mavoti awo ena 160 apita kwa omwe akupikisana ndi munthu wawoyo, aliyense nkukwera kufika pa 57 kapena 58. Motero munthu wawo agwa, ndipo omugwetsa ndi abale ake omwe.

Nchifukwa chake nyuzi ino ikuona kuti kulemba dzina limodzi si mlandu. Ndi chishango cha ochepa: midzi yakutali, amai, achinyamata. Mbiri ikuchitira umboni. M'zaka za m'ma 1950, madera ena a kumwera kwa America adaika malamulo otaya pepala lililonse losadzaza, pofuna kuti anthu akuda asapeze mpando ngakhale umodzi. Mu 1972 khoti lidathetsa lamulo lotere ku North Carolina. Komabe si lamulo lililonse lotere lomwe lili ndi cholinga choipa. Pa chilumba cha Mauritius, zigawo 20 zimatumiza aphungu atatuatatu, ndipo pepala losasankha anthu atatu siliŵerengedwa. Kumeneko aliyense amadziŵa lamulolo asanaloŵe m'chipinda choponyera voti.

Njira imeneyi ilinso ndi mtengo wake, ndipo atsogoleri a nthambi aziwauza anthu mosabisa. Wolemba dzina limodzi wataya mawu ake pa mipando inayi, choncho asadzadandaule pamene ndalama za komiti zikhala m'manja mwa anthu amene sadaŵasankhe. Ndiponso alimi 60 aja akagwirizana pa maina asanu okha, adzatenga mipando yonse, ndipo chipolopolo chija chidzangopita m'malere. Choipitsitsa ndi pamene munthu wachuma ayenda usiku khomo ndi khomo kuuza anthu kuti alembe iye yekha. Wotereyo amaloŵa m'komiti ali ndi adani anayi, pomwe mutu umodzi susenza denga.

Udindo waukulu uli pa oyendetsa chisankho: alangizi a zaulimi, aphunzitsi aakulu, alangizi a chitukuko ndi akuluakulu a Chipani. Nkosayenera konse kuti woyendetsa chisankho ayambe kutaya mapepala a dzina limodzi ataona kale amene akupambana, kapena kuwaŵerenga lero nkudzawakana chaka chamaŵa. Asanagaŵe mapepala aimirire pamaso pa msonkhano, aŵerenge malamulo a bungwelo, ndi kunena momveka ngati wosankha ayenera kulemba maina asanu ndendende kapena osapitirira asanu. Mlembi alembe chigamulocho m'buku. Ngati malamulo sanenapo kanthu, pepala la dzina limodzi liŵerengedwe, pakuti mwini wake wasonyeza poyera chimene akufuna.

Kumene anthu amasankhabe poima pamzere kumbuyo kwa wopikisana, nkhaniyi idatha kale, chifukwa munthu sangaime mizere isanu nthaŵi imodzi: aliyense amaponya voti imodzi, ndipo a mizere isanu yaitali ndiwo apambana. Komiti ya ku Mitundu kapena ku Nathenje imene ikusiya mizere nkuyamba mapepala, pofuna kusunga chinsinsi cha wosankha, ikuchita bwino. Koma iyambe yakambirana ngati pepalalo lidzakhale la dzina limodzi kapena la maina asanu, popeza njira ziŵirizi zingatulutse makomiti osiyana kuchokera mwa anthu omwewo.