Manotsi obwereka sapindulitsa

Anzanga aseminale, pali chizolowezi chimene chikutiwononga: kubwereka kope la mnzathu n'kukopera manotsi mayeso atayandikira. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mnzako akalemba zolakwika, nawenso ukalemba zomwezo pa mayeso a MSCE.

Ine ndikuona kuti manotsi abwino ndi amene munthu walemba yekha aphunzitsi ali kutsogolo. Yambani ndi tsiku ndi mutu wa phunziro. Musalimbane ndi kulemba liwu lililonse; tolani mfundo zikuluzikulu m'mawu anuanu, ndipo siyani mpata m'mbali wolembamo mafunso. Madzulo omwewo werenganinso, ndipo pamene simunamvetse kafunseni m'mawa mwake.

Ife a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka chitsanzo tili nacho kwathu. Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa Kungoni mu 1976, ankakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi, kumvetsera ndi kulemba okha. N'chifukwa chake miyambo yambiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao inasungika.

Makolo athu amagulitsa mpunga ndi nsomba kuti atigulire makope. Tiwadzaze ndi zimene tamva ndi makutu athu.