Mwana akapita ku yunivesite, tisamuuze kuti akadzitsekere m'chipinda



Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa mayina a ophunzira amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, timaona zofanana pasukulu pano. Makolo amabwera nkhope zili mwee, tonse timathokoza Allah, kenako bambo amamukokera mwana pambali n'kumupatsa lamulo limodzi: ukakafika kumeneko, kalasi, chipinda, swala, basi, za magulumagulu ayi. Lamuloli limachokera m'chikondi, ndipo ifenso aphunzitsi takhala tikulibwereza. Koma lero tikufuna kunena poyera kuti ndi lolakwika, ndipo likutipwetekera ana.

Tiyambe ndi zimene mwanayo akakumane nazo. Kaya wapita ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS kapena KUHeS ku Blantyre, ku LUANAR ku Bunda, ku MUST ku Thyolo kapena ku Mzuzu University, masiku oyamba amakhala oonetsa ophunzira atsopano malo ndi malamulo a sukulu. Masiku omwewo mabungwe a ophunzira amakhala pakalikiliki kulemba mamembala. Pa bolodi la zidziwitso ndi m'magulu a WhatsApp mumadzaza maitanidwe: gulu la mtsutso likukumana madzulo, a zisudzo akufuna anthu, timu ya mpira ikuyesa osewera, bungwe la ophunzira zaulimi kapena zamalamulo likusankha atsogoleri, kuli tsiku lopereka magazi, chisankho cha bungwe loimira ophunzira onse chayandikira. Pakati pa zonsezi pamakhala chimene iwo amati social weekend, mapeto a sabata oyamba ndi masewera masana n'kuthera ku dansi ndi mowa usiku. Pamakhalanso kapepala ka Muslim Students Association, MSA, konena kumene swala ya Jumu'ah ikuchitikira ndi tsiku lolandira Asilamu atsopano.

Mwana amene tamuuza kuti za magulu ayi amadutsa pa bolodi limeneli atazolika. Social weekend imamudutsadi, koma kapepala ka MSA kajanso sakaona.

Mantha amenewa si achilendo kwa ife Asilamu a m'Malawi. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo agogo athu ambiri anakana kutumizako ana poopa kuti akasiya Chisilamu n'kusinthidwa mayina. Mantha awo anali ndi chifukwa. Koma zotsatira zake tinazimva kuwawa kwa zaka zambiri, pamene Msilamu ankasowa m'maofesi a boma, m'zipatala ndi m'makhoti. Panafunika khama la mabungwe monga Muslim Association of Malawi ndi Islamic Zakaat Fund, komanso sukulu ngati yathuyi, kuti ana athu ayambe kufika ku sukulu za ukachenjede mochuluka. Tsopano afika. Ndiye tiwauzenso kuti akabisale?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndife pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo ku Kasungu kuno tonse tikudziwa kuti ndife ochepa kuposa pamenepo. Ku yunivesite mwana wathu akakhalanso m'gulu la ochepa. Tsono tiganize. Phunziro likaikidwa Lachisanu nthawi ya Jumu'ah, akakadandaule kwa akuluakulu a sukulu ndani? Nkhani ya nyama ya halali kumene ophunzira amagula chakudya akaiyambitse ndani? Mwezi wa Ramadhani umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho pa zaka zinayi za digiri udzagwera mkati mwa maphunziro, nthawi zina pa mayeso penipeni. Akakonze futari ya pamodzi ndi kupempha chipinda choswalira tarawehe ndani? Zinthu zotere sizitheka ndi mwana mmodzi wong'ung'udza m'chipinda mwake. Zimatheka ndi bungwe lokhala ndi wapampando, mlembi wodziwa kulemba kalata, ndi mamembala amene anzawo a zipembedzo zina amawadziwa ndi kuwalemekeza chifukwa amakumana nawo ku mtsutso, ku mpira ndi ku misonkhano ya ophunzira onse.

Mbiri ya dziko lathu ikutionetsanso kuti zochitika za kunja kwa kalasi si masewera chabe. Mu 1970, Chancellor College ikadali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba mu 1973, ophunzira ndi aphunzitsi ochepa anayamba kukumana kawirikawiri kuti aziwerengerana zolemba zawo ndi kudzudzulana. Panalibe malikisi, panalibe satifiketi. M'gulu limenelo munadutsa alembi monga Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande, amene mayina awo anamveka mpaka kunja. Mu Malichi 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula mmene dziko linkayendera, ophunzira a ku Chancellor College anali m'gulu la oyamba kuyenda pamsewu kuivomereza, ndipo mu Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri pa referendamu. Kaya wina amaziona bwanji zaka zimenezo, mfundo ndi yakuti ambiri amene amadzalankhula m'malo mwa dziko amaphunzira kulankhula m'magulu a ophunzira. Ngati ana athu kulibeko, mawa tisadzadabwe kuti otilankhulira akusowa.

Takhala tikuphunzitsa kwa zaka zokwanira kuti tione mbali zonse ziwiri. Tinali ndi mnyamata wina wanzeru, wosaphonya swala, amene anamvera lamulo la bambo ake ndi mtima wonse. Malo ogona a sukulu sanapeze, choncho anachita lendi kunja monga amachitira ophunzira ambiri. Teremu yoyamba yonse sanadziwane ndi Msilamu mnzake ngakhale mmodzi. Ndalama zitamuthera, amene anamugawira ndiwo anali anyamata a chipinda choyandikana, ndipo Loweruka lina atamuitana kuti akawaperekeze kokamwa, anasowa mawu okanira anthu amene ankamudyetsa. Chaka chachiwiri sanachimalize. Atabwera kudzationa anatiuza kuti anamva mochedwa kuti a MSA ankasonkherana chakudya cha anzawo ovutika. Mwana uyu sanaonongedwe ndi gulu lililonse la pa bolodi lija. Anaonongedwa ndi kukhala yekha.

Tinalinso ndi mtsikana amene mayi ake ankaopa kuti hijabu yake sikakhalitsa mwezi umodzi. Iye analowa MSA sabata yoyamba, kenako gulu la mtsutso. M'chaka chachitatu anali msungichuma wa alongo a MSA, akulemba ndalama zolowa ndi zotuluka ndi kuziwerenga pamaso pa anzake. Pofunsidwa mafunso a ntchito, anatiuza kuti nthawi yambiri inathera pa zimenezi kusiyana ndi magiredi ake, chifukwa onse amene anaitanidwa tsikulo anali ndi digiri yofanana. Hijabu akuvalabe.

Tikudziwa yankho la makolo ena, ndipo sitikulipeputsa. Ndalama ya fizi imachokera m'mabelo a fodya amene banja lonse lawavutikira kuyambira ku nazale mpaka ku okushoni ya Chinkhoma. Ena ndi matenanti amene amalandira kamodzi pachaka. Ena atenga ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a sukulu za ukachenjede, ndipo ngongoleyo idzabwezedwa. Mwana akalephera mayeso n'kuchotsedwa, zonsezo zalowa m'madzi. Ndipo zoopsa zilipodi. Alipo ophunzira amene amalowa magulu asanu n'kuiwala laibulale. Mowa ndi chamba zilipo. Alipo anyamata a zaka zapamwamba amene amasaka atsikana ongofika kumene. Nthawi ya chisankho cha ophunzira, andale a kunja amabwera ndi ndalama ndi malaya a chipani kufuna anyamata owagwiritsa ntchito, ndipo zionetsero zikasanduka ziwawa sukulu imatsekedwa, olakwa ndi osalakwa onse n'kubwerera kwawo.

Koma mankhwala a zoopsa zimenezi si kutseka maso a mwana. Mlimi wa fodya aliyense kuno amadziwa kuti mbande siichoka pa nazale ili yanthete. Nthawi yowokera ikayandikira, amadulira masamba ndi kuchepetsa kuthirira kuti ikhwime, chifukwa kumunda kulibe keni, kuli dzuwa ndi mphepo. Mbande yoleredwa m'madzi mpaka tsiku lomaliza ndi imene imayamba kufota. Ana athu tawalera mu mpanda wa sukulu ya Chisilamu, belu likuwadzutsa ku Fajr, aphunzitsi akuwasankhira chilichonse. Ku yunivesite kulibe belu. Ngati sanaphunzire kusankha okha akadali pano, akaphunzira kumeneko movutika.

Choncho kwa inu ophunzira a Fomu 4, ndi inu amene mukudikira kuitanidwa, malangizo athu ndi awa. Sabata yoyamba fufuzani a MSA, lembetsani dzina, dziwani kumene Jumu'ah imaswalidwa. Kenako sankhani gulu limodzi lokha loonjezera, logwirizana ndi maphunziro anu kapena luso lanu, ndipo m'chaka choyamba musapyole awiriwa. Musaope kukhala m'gulu limodzi ndi Akhristu. Ndi anzanu a kalasi, ndipo mawa ndi anzanu a kuntchito. Chochitika chilichonse chisanakukokeni, dzifunseni mafunso anayi. Wakonza ndani? Ndalama zake zachokera kuti? Chitha nthawi yanji? Nthawi ya swala ikakwana ndikaswalira kuti, ndipo pobwerera ndiyenda ndi ndani? Mpira wa masana pa social weekend ukhoza kudutsa mafunso onsewa. Dansi ya usiku siingadutse ngakhale limodzi mwa awiri omalizawo. Pa chisankho cha ophunzira kavoteni, ndipo amene ali ndi mphatso ya utsogoleri apikisane nawo, koma ndalama kapena malaya a chipani musalandire, chifukwa wokupatsani adzafuna kuti mumubwezere ndi thupi lanu pamsewu.

Kwa inu makolo, sinthani mafunso a pa foni. Mmalo mongofunsa ngati wadya ndi ngati mayeso ayandikira, funsaninso kuti Lachisanu waswalira kuti, mnzake wapamtima ndani, gulu limene walowa likukonza chiyani mwezi uno. Mwana amene alibe yankho pa mafunso amenewa ndi amene muyenera kumudera nkhawa. Powerengera ndalama za teremu, ikanipo kangachepe ka zopereka za bungwe ndi ulendo umodzi. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi fizi, koma ikasowa mwana amachita manyazi n'kudzipatula. Ndipo mwana wamkazi musamumange kwambiri kuposa wamwamuna. Mtsikana amene ali ndi alongo a MSA oyenda nawo ndi wotetezeka kuposa amene amabwerera yekha ku nyumba ya lendi usiku kuchokera ku laibulale.

Kwa inu akuluakulu a komiti ya mzikiti, tili ndi mapempho atatu, ndipo onse ndi otheka teremu ino. Loyamba, tiloleni tikhazikitse gulu la mtsutso ndi bolodi la nkhani zolemba ophunzira okha, ndipo tizipikisana ndi sukulu zina za m'boma lino, za boma ndi za mishoni zomwe. Lachiwiri, zochitika zina za pasukulu, monga futari ya pamodzi ndi tsiku la masewera, tiziwapatsa ophunzira kuti akonze okha, asunge ndalama okha, n'kudzafotokoza pamaso panu mmene zayendera. Adzalakwitsa, koma ndi bwino alakwitse ife tili pafupi. Lachitatu, pa tchuthi tiitane ana athu amene ali kale ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo ndi ku Blantyre kuti adzakhale pansi ndi a Fomu 4 kwa tsiku limodzi, ife akuluakulu titatuluka panja, awauze zoona zake. Pakutha pa tsikulo mwana aliyense wosankhidwa akhale ndi nambala ya foni ya mkulu wake kapena mchemwali wake wa pa yunivesite imene akupitayo, womulandira pa depoti.

Ena mwa inu mudzati tikutsegula chitseko chimene chinayenera kukhala chotseka. Chitsekocho n'chotsegula kale; chimatseguka tsiku limene mwana wakwera basi pa depoti ya Kasungu ndi chikwama chake. Chimene chili m'manja mwathu ndi miyezi yochepa imene watsala nayo pano, ndi mawu amene timuuze pomutsazika. Chaka chino tisamuuze kuti za magulu ayi. Timuuze kuti akafufuze abale ake m'Chisilamu sabata yoyamba, akasankhe gulu limodzi laphindu, ndipo akatiimbire kutiuza zimene wasankha.

Nkhaniyi tidzaibweretsa pa msonkhano ukubwerawu wa makolo ndi aphunzitsi, insha Allah, ndipo amene simukugwirizana nafe bwerani tidzakambirane. Allah awasunge ana athu kulikonse kumene ali. Wassalam.