Kufuna mpando ku Assembleia Municipal: zonse zimayambira pa mndandanda

Mvula ikagwa, misewu ya m'bairro imasanduka matope. Ku msika zinyalala zimatha masiku zili pomwepo, koma wotolera taxa sajomba. Anthu akamaceza madzulo amadandaula, mpaka wina amati: "Pa cisankho cikubweraci ndidzaima ine." Maganizowo ndi abwino. Koma kodi munthu amalowa bwanji mu Assembleia Municipal?

Assembleia ndi bwalo la anthu osankhidwa ndi okhala m'município. Bwaloli ndi limene limavomereza mmene ndalama za caka zidzagwirire nchito, limakambirana za taxa za m'misika, ndiponso limafunsa Presidente wa município ndi ma vereador ake zimene acita. Cisankho coyamba ca ma município m'Moçambique cinacitika mu 1998, m'malo 33. Pofika mu 2023 malowo anali 65. Metangula ndi Milange analipo kuyambira paciyambi, Ulongué inalowa mu 2008, Mandimba mu 2013, ndipo Chitima ndi Insaca mu 2023. Cisankhoci cimabwera pa zaka zisanu zilizonse, ndiye cotsatira tikuciyembekezera mu 2028.

Cinthu coyamba kucidziwa ndi ici: pa mpando wa Assembleia munthu saima yekha. Amalowa pa mndandanda wa maina, umene ambiri timauchula kuti lista. Mndandandawo umaperekedwa ndi cipani, mgwirizano wa zipani, kapena gulu la nzika. Wovota sasankha dzina la munthu, amasankha mndandanda wonse.

Kale panali mapepala awiri ovotera, lina la Presidente wa município, lina la Assembleia. N'cifukwa cake mu 2008 Daviz Simango anatha kupambana ku Beira popanda cipani, Renamo itakana kumuimikanso. Mu 2018 lamulo linasintha. Tsopano pepala ndi limodzi, ndipo munthu wolembedwa pa nambala 1 ya mndandanda umene wapata mavoti ambiri, cabeça de lista, ndiye amakhala Presidente.

Mipando ya Assembleia imagawidwa molingana ndi mavoti amene mndandanda uliwonse wapeza. Tiyerekeze kuti mndandanda wanu wapata mipando isanu. Olowa ndi anthu asanu oyambirira. Ngati inu muli pa nambala 9, mutsala panja, ngakhale bairro lanu lonse linavota cifukwa ca inu. Nkhondo yeniyeni, tsono, imamenyedwa kampeni isanayambe, pa nthawi imene akuluakulu a cipani akukonza maina.

Apa pali vuto limene tiyenera kulinena poyera. Munthu amene waikidwa pamwamba ndi cipani amaopa cipanico kuposa mayi wogulitsa tomato amene anamuvotera. Akatsutsa kwambiri, ulendo wotsatira akhoza kudzapezeka kumunsi kwa mndandanda. Ndiye wofuna mpando adzifunse msanga: tsiku limene cipani cidzafuna cina, anthu a kwathu n'kufuna cina, ine ndidzaima pati?

Njira ina ndi gulu la nzika. Lamulo limalola anthu opanda cipani kupanga gulu ndi kupereka mndandanda wao. Ku Maputo gulu la Juntos Pela Cidade linapeza mipando mu 1998. Koma njirayi si yapafupi. Mu 2018 gulu la AJUDEM, lotsogoleredwa ndi Samora Machel Júnior, linakanidwa ndi CNE, bungwe loyendetsa zisankho. Anthu ena a pa mndandanda wao anacotsa maina ao, ndipo otsala sanakwane ciwerengero cimene lamulo limafuna. Gulu lonse linagwa voti isanaponyedwe. Phunziro lake ndi lakuti mndandanda umafuna maina okwanira mipando yonse, kuwonjezapo osungira malo, ma suplente, ndipo akhale anthu amene sangathawe zinthu zikatentha.

Ndiye pali mapepala. Wofuna kuima akhale nzika ya Moçambique ya zaka 18 kapena kuposa, yolembetsa kuvota m'município momwemo. Amafunika BI, cartão covotera, registo criminal, ndi kalata yovomera kuti dzina lake lilembedwe. Yang'anani bwino ngati dzina lanu lalembedwa mofanana pa mapepala onse. Cilembo cimodzi cosiyana cikhoza kukuyendetsani maulendo ambiri ku maofesi, masiku operekera maina akutha.

Tsiku lovota nalonso lili ndi nchito yake. Mavoti akawerengedwa pa tebulo lililonse, zotsatira zimalembedwa pa pepala lochedwa edital. Mndandanda uliwonse uli ndi ufulu woika munthu wake pa tebulopo, delegado, kuti aone kuwerenga ndi kulandira kope la pepalalo. Cisankho ca pa 11 Okutobala 2023 cinabweretsa mkangano waukulu pa zotsatira, ndipo Conselho Constitucional inalamula kuti m'malo ena abwereze kuvota. Ku Milange matebulo ena anavotanso pa 10 Disembala. Pa mikangano yotere, mawu apakamwa sapita patali. Cimene cimamveka ndi edital imene muli nayo m'manja ndi dandaulo limene munalemba pa tebulo pomwepo. Delegado wodziwa kuwerenga manambala ndi kulemba dandaulo ndi wofunika kuposa galimoto ya zokuzira mawu.

Kodi amene waphunzira kuwerenga ali wamkulu angakwanitse? Inde. Amene amadziwa pamene madzi amadikha, mtengo wa banka ku msika, ndi mpopi umene unauma, ali ndi cimene Assembleia imasowa. Cofunika ndi kuzolowera kuwerenga mapepala a ndalama, amene amalembedwa m'Cipwitikizi, ndi kusacita manyazi kufunsa pamene simunamve.

Caka ca 2028 cikuoneka kutali, koma fisi akatola fupa sadyera pomwepo, nayenso wofuna mpando sakonzekera mwezi wa kampeni. Misonkhano ya Assembleia ndi yotseguka kwa anthu onse. Pitani ku município, funsani tsiku la msonkhano wotsatira, mukakhale kumbuyo ndi kope ndi colembera. Mukamve amene amalankhula za bairro lanu ndi amene amangokweza dzanja.