Chibwenzi cha akapitawo chimawoletsa fodya

Ndinagwirapo ntchito yosankha fodya pa esiteti ina ku Kasungu, ndipo ndinena mosapsatira: amene amapasula gulu m'shedi si azimayi ayi, ndi akapitawo.

Tinkamvana bwinobwino. Wina akatopa, tinkamuthandiza kumaliza mulu wake. Kenako akapitawo anayamba kuzemberana ndi mtsikana mmodzi wa pagulu pathu. Iye anapatsidwa yolemba mabelo, ife fumbi la fodya lili tho m'mphuno. Mayi wina amene anawakana sanamuchongere tikiti masiku atatu, ati ngwaulesi. Basi, macheza anathera pompo. Aliyense ankaopa kuti mawu ake akafika kwa akapitawo usiku. Wina akasakaniza magiredi, womudzudzula panalibe, mpaka mabelo anabwezedwa ku okushoni ya Chinkhoma.

Nanga tinatukwana ndani? Mtsikanayo! "Hule," tinatero, ndi ine ndemwe. Koma abambo ogawa ntchitowo tinkawavulirabe chipewa.

Abale, munthu amene mchere wa ana ake uli m'manja mwako akavomera, wavomeradi? Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere pantchito, koma m'shedi ndani analimvapo?

Eni maesiteti, mukufuna giredi yabwino? Landani cholembera kwa mwamuna wofunsira antchito ake.