Misonkhano ya za Chigwa cha Shire izichitikira kuchigwa komweko

Chaka ndi chaka mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima amadzaza ndi akuluakulu a boma ndi a mabungwe amene amakakambirana za madzi osefukira, za njala, za ulimi wamthirira ndi za kusamutsa anthu m'malo angozi. Nkhani zambiri mwa izi n'zokhudza Chikwawa ndi Nsanje, koma eni nkhaniwo amangomva pa wailesi kuti zawo zakambidwa ndipo mfundo zamangidwa. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chisinthe. Msonkhano wokamba za Chigwa cha Shire uzichitikira pa Chikwawa boma, ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Nsanje.

Chifukwa choyamba n'chakuti maso amaphunzitsa zimene lipoti silingathe. Chigwachi chinamira mu Januwale 2015, chinamiranso ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mlatho wa Chiromo unawonongeka ndi madzi mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo anthu a ku Makhanga ndi madera ena a tsidya la kum'mawa kwa Shire akhala akudalira mabwato kuti akafike ku Bangula. Mkulu amene amagawa ndalama za misewu atayenda yekha kuchoka pa Thabwa kulowera ku Fatima, n'kuona mitsinje yodzaza mchenga ndi chizindikiro cha matope pakhoma la sukulu, sangabwerere ku ofesi ndi maganizo amene ananyamuka nawo.

Chachiwiri, tileke kuganiza za Chikwawa ndi Nsanje pokhapokha kukagwa ngozi. Kuchigwa kuli chuma. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo yakhala ikugaya nzimbe kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo alimi a Kasinthula ndi a Phata asonyeza kuti mlimi wamba angathe kulima nzimbe za malonda. Kuli thonje, mapira, ng'ombe ndi mbuzi zimene zimadyetsa Blantyre. Ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira, cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000. Ntchito yokonzanso njanji ya pakati pa Marka ndi Bangula ikufuna kulumikiza dziko lino ndi doko la Beira. Wamalonda amene tikumukopa kuti aike ndalama zake mu ulimi umenewu timuitanire pamene angaponde dothilo, n'kulankhula ndi alimi amene adzagwire nawo ntchito.

Tisaiwale phunziro la doko la Nsanje. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika analitsegula pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Tsiku limenelo Nsanje inadzaza ndi alendo, koma sitima zapamadzi zimene anthu analonjezedwa sizinayambe kuyenda. Chikondwerero cha tsiku limodzi sichitukula tauni. Chimene chimatukula ndi alendo obwera pafupipafupi, mwezi uno anthu makumi atatu, mwezi wamawa makumi asanu, aliyense akufuna pogona, chakudya ndi choyendera.

Ndalama za msonkhano zimatsala pamene msonkhanowo wachitikira. Zimafika kwa mwini nyumba yogona alendo, kwa mayi wophika nsima ya mapira ndi nsomba za mu Shire, kwa wogulitsa mbuzi, kwa mnyamata wa kabaza wa pa Dyeratu ndi wa pa Nchalo, kwa wojambula mapepala ndi wobwereketsa mipando. N'zopweteka kuti ndalama zopemphedwa m'dzina la anthu ovutika a ku Nsanje zizikalemeretsa madera ena, eni dzinalo osalawako ngakhale tambala.

Mlendo wofuna kupitidwa mphepo zokambirana zikatha sangasowe kopita. Nkhalango ya Majete, imene bungwe la African Parks linayamba kuisamalira mu 2003 nyama zitatsala pang'ono kutheratu, lero ili ndi njovu, mikango, njati, akambuku ndi zipembere. Ku Lengwe kuli nyama za mtundu wa nyala, ku Nsanje kuli Mwabvi ndi kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ndipo dambo la Elephant Marsh linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 2017.

Tikudziwa zimene okonza misonkhano amayankha. Amati kuchigwa n'kotentha, zipinda zabwino n'zochepa, maholo aakulu kulibe, magetsi ndi intaneti n'zosadalirika, ndipo nthawi ya dzinja msewu wa M1 umaduka. Zambiri mwa izi n'zoona, ndipo sitikunena kuti msonkhano wa atsogoleri a mayiko uchoke ku BICC ku Lilongwe upite ku Ngabu. Tikunena za misonkhano ya anthu ochepa, imene imakwana mu holo ya khonsolo, ya mpingo kapena ya sukulu. Kutentha koopsa ndi kwa Okutobala ndi Novembala, pamene kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nyengo imakhala yabwino ndipo misewu imapitika. Kuchoka ku Blantyre kufika pa Chikwawa boma ndi makilomita pafupifupi 50, kufupi kwambiri kuyerekeza ndi ku Mangochi. Za kuchepa kwa zipinda, palibe wamalonda angamange hotela pamalo pamene boma lenilenilo likupazemba. Boma ndi mabungwe akayamba kubwera, omanga adzatsatira.

Tinenenso mosabisa kuti ena amasankha kunyanja chifukwa cha alawansi ndi zosangalatsa za kumeneko. Boma lakhala likulengeza kangapo zoletsa misonkhano ya kunyanja pofuna kupulumutsa ndalama, koma chiletsocho sichichedwa kuiwalika. Lamulo lokhalitsa lingakhale lakuti malo a msonkhano azitsatira nkhani yake. Za nsomba za chambo zikambidwe ku Mangochi, za fodya ku Kasungu, za madzi osefukira ndi thonje ku Chikwawa ndi Nsanje.

Nawonso akuchigwa asangokhala chete kudikira, pakuti wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Makhonsolo awiriwa alembe mndandanda wa maholo ndi malo ogona amene alipo, mitengo yake ndi chiwerengero cha anthu amene angakwanemo, n'kuupereka ku maunduna ndi mabungwe. Eni malo ogona asamale ukhondo, madzi, maneti a udzudzu ndi magetsi a dzuwa. Aphungu ndi mafumu, kuyambira kwa Paramount Chief Lundu, azifunsa nthawi zonse pamene aitanidwa kutali kuti chalepheretsa n'chiyani kukumana kwawo. Ndipo msonkhano ukabwera, pakhale mipando ya alimi, asodzi, amayi ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi, ndi womasulira kuti wolankhula Chisena kapena Chimang'anja anene zakukhosi m'chinenero chake.

Poyambira pake m'posavuta. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imakonzekera dzinja chaka chilichonse, ndipo tsopano ili ndi lamulo latsopano limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2023 Freddy atangodutsa. Tikupempha kuti msonkhano wokonzekera dzinja likubwerali uchitikire ku Nsanje kapena ku Bangula, ndipo Unduna wa Zaulimi uchite chimodzimodzi ndi msonkhano wa alimi ndi ogula thonje.